Kiyibodi ya pa Kaunjika

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Chinali chaka changa choyamba kukhala wopanda amayi. Iwo anadwala kanthawi kochepa chabe m'dzinja, fodya ali m'munda, ndipo Mulungu anawatenga ife tisanakonzeke. Bambo anga anali mkamwini pamudzi pathu, kufupi ndi Santhe. Mwambo wa maliro utatha anawasudzula, iwo n'kubwerera kwawo. Ine ndinatsala m'manja mwa amalume, a Yohane, mlongo wawo wa amayi, amene anasiya ntchito ku Joni n'kubwera kudzasunga mbumba yawo.

Amalumewo anabwera ndi kompyuta, ya mtundu uja woika patebulo. Inali ndi chibokosi chachitsulo chomwe chimasunga zonse, galasi lalikulu loonerapo, ndi kiyibodi, thabwa lija la mabatani olembera. Anachita lendi kachipinda pa Santhe pomwe panali magetsi. M'mawa ankalima munda wa fodya umene amayi anasiya, masana n'kutsegula kachipindako. Ankaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi pa timbale, nthawi zina n'kutayipa makhadi a ukwati. Anthu ankawapatsa ulemu ngati munthu wodziwa makina, koma ine amene ndinkawaona tsiku ndi tsiku ndikudziwa kuti ankalemba ndi chala chimodzi, maso ali pa zilembo, lilime lili panja pang'ono ngati mwana wa Sitandade 1.

M'kompyuta imeneyo munali amayi anga. Pa Khirisimasi yomaliza ya amayi, amalume anabwera kutchuthi ndi kakamera, ndipo anajambula kwaya ya amayi ikuimba kutchalitchi kwathu. Kamerayo anali atagulitsa kale, koma kanemayo anamusunga m'kompyutamo. Kwina kulikonse kunalibe. Pakhomo pathu panalibenso chithunzi cha amayi ngakhale chimodzi, poti iwo ankathawa ojambula, amati nkhope yawo si yoonetsa anthu.

Kanemayo anali wamfupi. Amayi anaima mzere wachiwiri, duku yoyera itapendekeka, ndipo ndiwo ankayambitsa nyimbo ena n'kumavomera. Chapakati anazindikira kuti mlongo wawo akuwajambula. Anaseka, n'kutseka pakamwa ndi dzanja, mnzawo wa pambali n'kuwagunda ndi chigongono, iwo n'kuyambiranso kuimba maso atayang'ana kudenga. Ndi zokhazo. Koma kwa ine zinali ngati kupita kunyumba.

Loweruka lililonse ndinkapita m'mawa kukasesa kachipindako. Ndikamaliza, amalume ankayatsa kompyuta, n'kulemba mawu achinsinsi otsegulira. Pagalasi sipankaoneka zilembo, pankangotuluka timadontho takuda. Akatsegula ankandikhazika pampando wawo n'kunena kuti ndiwaone amayi anga, iwo n'kutuluka kukaima pakhomo, kumapereka moni kwa odutsa ngakhale osawadziwa. Masiku amenewo ndinkayesa kuti kanemayo anatopa naye. Ndadzazindikira nditakula kuti ankathawa kulira pamaso pa mwana.

Mavuto anayamba ndi fodya. Amene anathyolapo fodya akudziwa utomoni wakuda umene umakanirira m'manja, wosachoka ngakhale ndi sopo. Amalume ankachoka kumunda n'kufikira pa kiyibodi ndi manja omwewo. Kenako nyengo yosankha itafika, m'mudzi munamveka akuba oyenda m'zigafa, ndiye anaganiza zosunga ndindi za fodya m'kachipinda ka kompyuta chifukwa kanali ndi chitseko chachitsulo. Fumbi la fodya wouma linalowa paliponse. Tinkayetsemula, makasitomala n'kumaseka kuti a Yohane akugulitsa nyimbo pamodzi ndi fodya wa m'mphuno. Mabatani anayamba kumata. Ena ukadina osabwerera, ena kufa kumene. Amalume ankauzira, kugogoda pansi, kutokosa ndi nthenga ya nkhuku, koma sizinathandize.

Tsiku la msika kunabwera munthu wogulitsa kaunjika wa zamagetsi, atayala pansi mawaya, mawayilesi akale ndi zina zotero. Pakati pa zinthuzo panali kiyibodi yoyera, yolemera, yooneka ngati sinagwirepo ntchito. Amalume anaigula mosangalala. Madzulo ake, kompyuta ili yozima, anazula yakale ija n'kuiponya pamwamba pa ziguduli za fodya, n'kulumikiza yatsopanoyo.

M'mawa mwake linali Loweruka. Ndinasesa ngati mwa masiku onse, n'kuima kumbuyo kwawo kudikira. Analemba mawu achinsinsi aja, timadontho n'kutuluka, koma kompyuta inakana. Anati mwina chala chaphonya. Analembanso pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa chilembo chilichonse asanadine. Inakananso. Anaizimitsa, kuiyatsa, kuzula chingwe, kuchiuzira, kuchibwezera. Mabatani onse ankadinika bwinobwino, dontho lililonse linkatuluka pa nthawi yake, choncho palibe amene anaikayikira kiyibodiyo. Ikanalakwa bwanji ili yatsopano?

Pofika masana pakhomo panali patadzaza anthu. Inali nyengo ija alimi abwera kumene ku okushoni, aliyense akufuna nyimbo m'foni yake yatsopano. Thukuta linkawatsika amalume. Ndiye bambo wina amene anakhala pabenchi, mpaka lero sindidziwa ngati ankacheza kapena ankanenetsa, ananena kuti ana a masiku ano ndi ochenjera kuposa makolo, mwina kamtsikana kaima kumbuyoko kanaonera mawuwo n'kuwasintha kuti kaziona makanema kokha. Anthu anaseka. Amalume sanaseke. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akumbukira zoti nthawi zina ankandisiyira kiyi wa chipindacho.

Anadikira anthu achoke, n'kutseka chitseko. Anandifunsa modekha kaye. Ndinakana. Anati sandimenya, ndingonena mawu amene ndaikamo. Ndinakananso, ndikulira, chifukwa ngakhale poyatsira penipenipo ndinkaopa kukhudza. Pamenepo mtima unawapsa.

"Iwe Esinati, ine ndinasiya ntchito yanga chifukwa cha iwe. Ndinali pabwino ine. Lero ndiwe wonditsekera pakamwa podyera?"

Sanandimenye ndithu. Koma ndikanakonda akanandimenya, chifukwa chikwapu chimapola. Anandilanda kiyi, n'kunena kuti ndisadzapondenso m'chipindamo mpaka nditaulula.

Masiku otsatira tinkakhala nyumba imodzi ngati anthu osadziwana. Ndikawapatsa madzi osamba ankangogwedeza mutu. Ine sindinkadandaula kwambiri za kunamiziridwa. Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti amayi atsekeredwa mkati, ndipo Loweruka lidutsa osawaona. Ndinkagwada kuseri kwa chigafa, pomwe fungo la fodya limaluma m'maso, n'kumapempha Mulungu kuti angotsegula. Ndinkamuuza kuti ngati akufuna ndivomere mlandu umene sindinapalamule, ndivomera, koma nanga mawu oti ndiulule ndiwatenga kuti?

Makasitomala anayamba kupita kwina, ndipo amalume anaganiza zopita nayo ku boma, ku Kasungu, kwa okonza makompyuta. Anazula zingwe zonse. Galasi anati n'lolemera ndipo likhoza kusweka panjira, kiyibodi anati ilibe vuto, ndiye anatenga chibokosi chokha. Anati ndipite nawo, kuti katswiriyo akaulula zimene zinachitika ndikamve ndi makutu anga. Ndinachikulunga m'chitenje, ndipo m'minibasi ndinachifungata pamiyendo ulendo wonse. Chinali cholemera, ngodya zake zinkandibaya m'ntchafu, koma pamabampu ndinkachikumbatira kuti chisagunde mpando. Kondakitala anandiseka kuti ndanyamula ngati khanda.

Malo okonzerawo anali kachipinda kodzaza zibokosi zonga chathucho, zosanjikizana mpaka kudenga. Amalume anandisiya pakhonde kuti ndiyang'anire chikwama, iwo n'kulowa. Zimene anakambirana ndinadzazimva pambuyo pake kuchokera kwa iwo omwe. Wokonzayo anali mnyamata waulemu koma wotanganidwa. Atangomva kuti mawu achinsinsi asokonekera, sanailumikize n'komwe kuti ayese. Anati njira yachidule ndi kuifomata, ndiko kuti kuichapa yonse iyambirenso mwatsopano, ndipo ndi mmene ankachitira ndi makompyuta ambiri obwera ndi vuto lotero. Anafunsa ngati munali zofunika. Amalume anatchula nyimbo. Mnyamatayo anati nyimbo ali nazo zambiri, awaikira zoposa zimene anali nazo.

Za kanema wa amayi sanazitchule. Sikuti anaiwala. Iwo ankaganiza kuti kuchapako kuli ngati kusintha loko wa pakhomo, kuti katundu wa m'nyumba amatsala mmene analili. Anafuna kufunsa, koma m'chipindamo munali anthu ena, ndipo iwo anali atanena kale kuti anagwirapo ntchito ku Joni. Anachita manyazi kuoneka osadziwa. Anangovomera, tinaisiya, n'kubwerera.

Patapita masiku anakaitenga okha. Madzulo a tsikulo anatuma mwana kudzandiitana kunyumba. Ndinathamanga njira yonse. Ndinapeza kompyuta itayaka, ndipo tsopano inkangotseguka yokha osafunsa mawu aliwonse. Nyimbo zatsopano zinkalira, nkhope ya amalume itamasuka. Anati wokonzayo sananene kuti wolakwa ndani, choncho nkhaniyo ithere pomwepo, ndikhale pampando ndiwaone amayi anga.

Anayamba kufufuza pomwe kanemayo ankakhala. Panalibe. Anatsegula apa, kutsegula apo, paliponse nyimbo zokhazokha. Anazimitsa nyimbo ija imalira. Anati ndisade nkhawa, pali malo olembapo dzina la chinthu kuti makina achifunefune okha. Kanemayo anamutcha dzina la amayi, Mwawi. Anaweramira pa kiyibodi n'kulemba ndi chala chawo chimodzi chija, kenako n'kudzutsa mutu.

Aka kanali koyamba chigulireni kiyibodiyo kuti zimene ikulemba zioneke poyera, osati timadontho. Pagalasipo panalibe dzina la amayi. Panali zinthu zosawerengeka. Amalume anafufuta n'kulembanso, zinatuluka zomwezo. Anandiuza kuti ndiyang'ane pagalasi ndi maso anga aana, ndiziwauza chimene chatuluka iwo akadina. Anadina pamene panalembedwa A, ine ndinawerenga Q. Anadina W, ndinawerenga Z. Atadina M sipanatuluke chilembo n'komwe, koma kadontho kokhala ndi kamchira pansi.

Anaimirira pang'onopang'ono, n'kukatenga kiyibodi yakale ija pamwamba pa ziguduli, n'kuigoneka pambali pa yatsopanoyo. Tinaweramira tonse awiri. Zinali zofanana kukula, mabatani ofanana kuchuluka, koma zilembo zingapo zinakhala malo osiyana. Amalume anayendetsa chala kuchoka pa ina kupita pa inzake.

"Mawu achinsinsi aja linali dzina lomweli," anatero, osandiyang'ana. "Ndiye kuti palibe anasintha kanthu. Ine ndimalemba dzina la mlongo wanga, makinawa amamva zina."

Anakhala pansi, pasimenti penipeni, pafumbi la fodya, n'kugwira mutu ndi manja onse. Ine ndinali ndisanamvetse. Ndinawafunsa kuti nanga poti tadziwa vuto, amayi atuluka tsopano? Iwo anangoti mawa tibwerere ku boma.

Kutacha tinabwerera ku boma, ulendo uno ndi chibokosi ndi makiyibodi onse awiri, ndipo anandilowetsa mkati. Mnyamata uja atangoiona yoyerayo anaizindikira. Anati inachokera ku maiko olankhula Chifalansa, komwe amasanja zilembo mwa njira yawo. Kompyuta siona zimene zalembedwa pamwamba pa batani, imangodziwa malo amene batanilo lakhala, ndipo yathuyo inauzidwa kuti izitsatira kasanjidwe ka Chingerezi. Anatsegula pamalo posinthira zinthu, n'kusankha mtundu wa kiyibodiyo, ndipo pompo A anakhala A, M anakhala M. Sizinatenge ngakhale nthawi imene munthu amatenga popempherera chakudya. Anatinso tsiku loyamba lija tikanangobwereka kiyibodi ina iliyonse ya masiku onse, kompyuta ikanatseguka.

Amalume atamufotokozera za kanemayo, mnyamatayo anasintha nkhope. Anasiya ntchito zina zonse n'kuyesa kufufuza zofufutidwa tsiku lonse, ife titakhala pakhonde. Dzuwa litapendeka anatuluka. Anati nyimbo zatsopano zija zinakhala pamwamba pa zakale, ngati munda umene waugalauza n'kubzalamo zina. Anavomera yekha kuti akanailumikiza ku kiyibodi yake n'kuwapempha alembe mawuwo kamodzi kokha, zonse zikanapulumuka. Anagwada pondipepesa ngakhale ndinali mwana. Sindinamusungire chakukhosi, ndipo kulikonse kumene ali Mulungu amudalitse.

M'minibasi pobwerera ndi pamene ndinalira. Pamaliro enieni ndinali wosokonezeka, anthu ambiri, nyimbo, wina kundikoka uku wina uko. Koma tsiku limenelo ndinamvetsa kuti amayi apita. Chibokosi ananyamula amalume, ine sindinafunenso kuchikhudza.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinaona amalume akubwera ndi a Nabanda, mayi uja anagunda amayi ndi chigongono m'kanema, amene anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo. M'khwapa mwa amalume munali nkhuku yathadzi yomangidwa miyendo. Kwathu munthu akalakwira mnzake amapepesa ndi nkhuku pamaso pa mboni, koma ndinali ndisanaonepo wamkulu akuchitira zimenezi mwana, makamaka mwini mbumba. A Nabanda anayala mphasa n'kundikhazikapo. Amalume ananjuta patsogolo panga, n'kuika nkhukuyo pamapazi anga. Sananditchule dzina langa la masiku onse. Ananditchula ndi mfunda, ngati munthu wamkulu.

"Naphiri, ndakulakwirani kawiri. Ndinakunamizirani, ndiponso ndakutayirani amayi anu. Choyambacho nkhuku ikhoza kulipira. Chachiwiricho ndilibe cholipira. Ndipo mawu aja ndinanena, akuti ndinali pabwino, anali a mkwiyo. Pabwino panga ndi pano."

A Nabanda anandinong'oneza kuti ndiilandire, chifukwa kukana nkhuku ndi kukana munthu. Ndinainyamula, ikugunda mtima m'manja mwanga, ndipo ndinangoti ndamva, amalume. Kenako a Nabanda anapemphera. Anapempha kuti Mulungu, amene saiwala nkhope ya munthu aliyense, atisungire nkhope imene ife tataya.

Amalume sanalekere pomwepo. Chilimwe chonsecho, akatseka kachipinda kawo, ankakwera njinga kuyenda m'midzi, nyumba ndi nyumba ya amayi a kwaya, ya abale, ya aliyense amene anachititsapo ukwati kapena ubatizo, kupempha kuona zithunzi. Anthu ankatulutsa m'masutikesi ndi m'Mabaibulo, iwo n'kumayang'ana osati eni chithunzi koma anthu oima kumbuyo. Mvula yoyamba itatsala pang'ono kugwa anachipeza, kumudzi wina kutali. Chinali cha ukwati wa anthu amene sindiwadziwa. Kumbuyo kwa mkwatibwi kukuoneka phewa la amayi, diso limodzi ndi theka la pakamwa. Eni ake anawapatsa mwaulere. Anafika nacho kunyumba atachiika m'thumba la malaya, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera Sitandade 8. Lero ndine mayi wa ana anayi, ndimalima fodya yemweyo pamunda womwewo, ndipo amalume anatsikira kulichete zaka zapitazo. Chithunzi chija chili pakhoma m'nyumba mwanga. Alendo amafunsa kuti mkwatibwiyo ndi ndani wanga, ine ndimati sindimudziwa, ndimawalozera kumbuyo. Ana anga amawadziwa agogo awo ndi diso limodzi ndi phewa. Mawu awo sadzawamva. Ngakhale ine amene ndinawamva, chaka ndi chaka akunka nazilala, ndipo masiku ena ndikayesa kuwakumbuka ndimangomva mawu anga omwe. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindibisa.

Komabe ndimathokoza. Ana amasiye ambiri sanapatsidwe Loweruka ngakhale limodzi, ine ndinapatsidwa miyezi. Ndipo ndinaphunzira chinthu chimene chasunga mtendere pakhomo panga. Chinthu chikaonongeka, mtima wa munthu umathamangira kufunsa kuti wachita ndani, ndipo nthawi zambiri maso amagwera pa wamng'ono, amene sangadziteteze. Tsiku lija tonse tinayang'ana mwana, palibe anayang'ana chinthu chokhacho chimene chinali chachilendo m'chipindamo. Tsopano wayilesi ikasiya kulira, foni ikakana, ngakhale mwana akangoyamba kukhala chete, ndimayamba ndakhala pansi n'kudzifunsa kuti dzulo chasintha n'chiyani. Ndipo wodziwa akandiuza mawu amene sindikuwamvetsa, ndimamuimitsa, kaya pali anthu kaya palibe, n'kunena kuti pepani, ine sukulu ndinalekera panjira, tandiuzani bwinobwino chimene chitayike mukachita zimenezo. Ena amaseka. Ndimawasiya aseke. Manyazi a kufunsa amatha usanafike pakhomo, koma amalume anga anapita kumanda akupepesabe.